Sainani Apa

Andipatsa bolopeni yomangidwa ndi ulusi kutebulo,
kuopa kuti ndingapite nayo.
Akuti sainani apa, pamene pali kamtanda,
ndipo mchimwene wanuyo atsala m'manja mwathu,
kaya afune, kaya asafune.

Gelesomu ali pabenchi panja,
phazi lina m'silipasi, lina pasimenti.
Manja ake akupeta mpunga
m'lichero limene palibe akuliona.
Usiku amati nyerere zikutuluka m'khoma la wodi,
n'kumaziitana maina a anzake a pasiteji.

Uyutu ndi munthu amene ankapalasa kabaza
kuchoka pa Kamuzu Road mpaka kwa Khombedza
atasenza matumba atatu a feteleza,
dzuwa la Okutobala likusungunula phula.
Njingayo anayamba kuimwa belu,
kenako kalilole,
kenako khushoni ya pakaliyala
imene ndinamusokera ine ndi nsalu yofiira.
Mwezi wa Juni anamwa matayala onse awiri.
Chatsala ndi loko, ali nayo m'thumba.

Pa wailesi ya muofesi muno akukangana,
anthu a mawu omveka kuti avala mataye.
Wina akuti boma liike lamulo,
chidakwa chizitengedwa ngati wodwala kolera,
pakuti mbuzi ikagwa m'chitsime
suifunsa ngati ikufuna chingwe.
Wina akuti ayi, fupa lokakamiza limaswa mphika.
Wachitatu akufunsa za mabedi, alipo angati,
koma amudula, nthawi yatha, kwabwera malonda.

Palibe wanenapo za msonkho
umene botolo lililonse limasiya lisanafike pakamwa.
Ataletsa masacheti tinaomba m'manja pamsika.
Sipanapite nthawi anabadwanso ali m'timabotolo,
otha kubisala m'sokosi ya mwana wa sukulu.

A nesi Nachisale andiyang'ana pamwamba pa magalasi.
Mumatha kulemba, mayi,
kapena tibweretse inki mudinde chala?

Ndimatha.
Ndinafika Folomu 2.
Ndipo apa ndi pamene dzanja langa laima.

Fizi yanga inkadontha kuseri kwa bafa ku Kaphatenga,
dontho ndi dontho, kuchokera kumpope wa amayi.
Madeya, shuga, masiku asanu, moto.
Wosonkhezera motowo anali Gelesomu,
wa zaka khumi ndi chimodzi, wa kabudula wong'ambika.
Ndiye ankasintha madzi akatentha,
ndiye ankalawa pachivindikiro
kuti auze amayi ngati mutu watha.
Lilime lake linali sikelo ya pakhomo pathu.
Ine ndinali m'kalasi, yunifomu yositidwa,
ndikuphunzira kulumikiza zilembo za dzina langa,
dzina lomweli akulifuna lero pa kamtanda.

Ndikapanda kusaina ndikudziwa kumene ndidzamutole:
m'ngalande ya kuseri kwa depoti, mvula yoyamba.
Mkazi wake anabwerera kwawo ku Thavite
ndi dzino limodzi lochepa.
Mwana wawo amathawa akamva kutsokomola pakhomo.
Zimenezi sindinaiwale, musandikumbutse.

Ndikasaina amutsuka magazi, akuti,
amupatsa mapilitsi ogonetsa nyerere zija,
ndipo tsiku lina amutsegulira geti.
Nanga kunja kwa getiko mwakonzako chiyani?
Shabini yoyamba ili pamtunda wolavula malovu,
ndipo mwini wake amakongoza.
Pepalali lili ndi mzere wa tsiku lolowa.
Mzere wa njinga sindikuuona.

Wasuzumira pazenera, maso achikasu.
Achemwali, akuti chiyani?
Akuti ukhale.
Wakhala chete, akusisita loko uja.
Kenako: Bwanji osandifunsa ine?
Dzina langa ndimalitha, munandiphunzitsa ndinu
ndi khala pakhoma la khitchini.

Ndanyamula pepala, ndanyamula bolopeni,
ndaponda kamodzi kulunjika kukhomo.

Ulusi wathera m'mphepete mwa tebulo.